Tilembe ma fern a m'Kabwe madambo asanaume

MVULA itakata pang'ono tsiku lina Loweruka m'mwezi wa Januwale, tinaona mnyamata wina akuyenda m'mbali mwa ngalande kuno ku Chililalila atanyamula matabwa awiri, mtolo wa manyuzipepala akale ndi kakhasu. Anali kuwerama, kutembenuza masamba, kulemba m'kabuku, ndi kupitanso patsogolo.

Azimai amene anali kucapa pa citsime anayamba kunong'onezana. Ena anati ameneyu ndi sing'anga wofuna mizu, ena nati iai, ndi munthu wa kukhonsolo wabwera kudzapima mapuloti.

Pokumbuka kuti safunsa anadya phula, ife tinamuyandikira ndi kumufunsa. Anatiuza mwaulemu kuti ndi wophunzira za zomera, ndipo anali kusonkhanitsa zomera za mtundu wa fern kuti akazisunge ku herbarium, ndiko kuti nkhokwe ya zomera zouma. Popeza ndife okhalitsa muno, anatipempha kuti timuperekeze ku malo kumene madzi sauma msanga.

Tinamutengera ku kadambo kena kumene tinali kupita kawirikawiri zaka makumi awiri zapitazo. Tinapeza mbali imodzi itadzaza nyumba, mbali ina itasanduka maenje oumbiramo njerwa, ndipo pakati patatsala madimba a repu ndi tomato. Tinati kwa iye: "Mwanawe, zomera zimene ufunazo pano zinali zambirimbiri, zofika m'mabondo."

Iye anatifunsa mafunso atatu. "Atate, zinali za mtundu uti? Munaziona kotsiriza caka citi? Alipo amene analemba?"

Tinasowa coyankha. Ife amene tasunga kaundula wa ubatizo kwa zaka zambiri tidziwa bwino zimene zimacitika munthu akabwera kudzafuna cikalata koma dzina lake silinalembedwe m'buku. Angakhale ndi mboni khumi zolumbira, nkhani yake imakhala yovuta. Tsiku limenelo mboni yopanda cikalata tinali ife.

Kodi fern n'ciani?

Inu awerengi, comera cimeneci mumaciona masiku onse a dzinja ngakhale simucisamala. Cimamera m'zipupa za zitsime, pansi pa milatho, m'mbali mwa culu ndi m'ming'alu ya miyala. Masamba ake ambiri amaoneka ngati nthenga, ndipo tsamba lanthete limatuluka litadzipinda ngati bongololo, kenaka n'kumatambasuka pang'onopang'ono.

Fern sacita maluwa, sabala zipatso, alibe njere. Mukatembenuza tsamba lokhwima mudzaona timadontho kapena timizere tofiirira kunsi kwake. Ambiri amaganiza kuti ndi matenda kapena mazira a tizirombo, koma m'menemo ndimo muli fumbi limene comeraci cimaberekanira.

Fumbilo likagwera pa cinyezi limamera kanthu kobiriwira, kopyapyala, kosaposa cikhadabo ca mwana. Pa kanthuko ndi pamene mbeu yaimuna imasambira m'madzi kukapeza yaikazi, ndipo fern watsopano amayambira pamenepo. Popanda madzi, ngakhale ocepa ngati mame, kuberekana kotere sikutheka.

Ici n'cifukwa cake ma fern ambiri ali ngati alonda a cinyezi. Mitengo ikadulidwa, mthunzi ukatha, kasupe akaphwa, iwo ndiwo amayamba kuzimirira. Pa dziko lonse pali mitundu yoposa 10,000 ya zomerazi, ndipo zinayamba kumera kalekale zomera za maluwa zisanaoneke.

Nkhokwe ya masamba ouma

Herbarium ndi nyumba ya makabati momwe amasunga zomera zophwatika ndi zoumitsa, ciriconse citamatidwa pa pepala lolimba lalitali pafupifupi masentimita 42 ndi 29 m'lifupi. Pakona ya pepalalo pamakhala kacikalata konena dzina la comera, kumene cinapezeka, tsiku ndi munthu amene anacitola. Zikasamalidwa bwino zimakhala zaka mazana. Mwambowu unayamba ku Italy zaka pafupifupi 500 zapitazo, ndipo lero nkhokwe ya ku Kew m'dziko la England iri ndi mapepala otere pafupifupi 7 miliyoni.

Muno m'Zambia nkhokwe zotere ziripo. Ina iri pa University of Zambia ku Lusaka, ina pa Mount Makulu ku Chilanga, ndipo ina ndi ya a za nkhalango ku Kitwe, kumene D.B. Fanshawe anasiya zomera zambiri zimene anatola m'dziko lino.

Pa nkhani ya ma fern, buku la Flora Zambesiaca lonena za zomerazi linatuluka mu 1970, lolembedwa ndi E.A. Schelpe wa ku Cape Town, ndipo linaphatikiza Zambia, Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana. Pambuyo pake Jan Kornaś wa ku Kraków m'dziko la Poland, amene anagwira nchito muno kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, anayenda m'madera ambiri natola zomerazi. M'zolemba zake za mu 1977 anawerenga mitundu 146 ya m'Zambia, ndipo mu 1979 anatulutsa buku losonyeza kumene mtundu uliwonse umapezeka. Mu 2005 mwana wa dziko lino, a P.S.M. Phiri a pa University of Zambia, anatulutsa mndandanda wa zomera za m'Zambia, ma fern ali momwemo.

Nchito ya anthu amenewa ndi yaikulu, koma taonani zaka zake. Kucokera pamene Kornaś anayenda m'dziko lino papita zaka zoposa 50. Makomboni akula, makala aochedwa, madambo agawidwa mapuloti. Katswiri mmodzi sangafike pa culu ciriconse, ndipo akafika, amafika tsiku limodzi cabe. Amene amadziwa kuti kasupe wakuti anauma liti ndife eni malo.

Phunziro la cigaza ca mu 1921

Ngati pali anthu oyenera kudziwa kuwawa kwa cinthu cotoledwa popanda kulemba bwino, ndife a ku Kabwe.

Pa 17 Juni 1921, m'mgodi wa Broken Hill munapezeka cigaza ca munthu wakale cimene lero cidziwika pa dziko lonse. Mabuku amachula Tom Zwigelaar wa ku Switzerland kuti ndiye anacipeza. Anali ndi mnzake wakuda pa nchitopo, koma dzina la munthu ameneyo palibe analilemba. Cigazaco cinapita ku London caka comweco, ndipo ciri ku Natural History Museum kufikira lero ngakhale boma lathu lakhala likupempha kuti cibwerere.

Panalibe katswiri woyang'anira pamene cinali kufukulidwa, ndipo phanga limene cinalimo linagumulidwa pokumba miyala. Kaamba ka ici, akatswiri anakangana zaka zambiri za msinkhu wake. Munali mu 2020, patapita zaka 99, pamene anafalitsa zotsatira za kupima kwatsopano zonena kuti ciri ndi zaka pafupifupi 299,000.

Fern si cigaza ca munthu, koma lamulo lake ndi limodzi. Cinthu cimene catoledwa popanda kulemba malo, tsiku ndi dzina la wotola cimataya theka la umboni wake. Ndipo malowo akagumulidwa, madzi akatayika saoleka.

Dzina lolakwika linataitsa zaka

Wina angafunse kuti, kodi dzina la udzu lingadyetse mwana? Tiyeni tione za ku Kariba.

Damu la Kariba litangotsekedwa, comera cina coyandama cinayamba kuphimba nyanja. Pofika 1962 cinali citaphimba masikweya kilomita pafupifupi 1,000, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo. Mabwato anavutika kuyenda, maukonde anavutika kuponyedwa. Comera cimeneci, cimene ambiri amacicha Kariba weed ndipo cavutitsanso pa mtsinje wa Kafue, ndi fern wa m'madzi wocokera ku South America.

Poyamba akatswiri anaganiza kuti ndi mtundu wochedwa Salvinia auriculata, conco anapita kukafuna tizirombo timene timadya mtundu umenewo. Ena mwa iwo sanathandize kwenikweni. Mu 1972 D.S. Mitchell, atayerekeza zomerazo mosamala, anasonyeza kuti ndi mtundu wina, naupatsa dzina lakuti Salvinia molesta. Mu 1978 kwao kwenikweni kwa comeraci kunapezeka kumwera cakum'mawa kwa Brazil, ndipo kumeneko anapezako kacirombo konga nankafumbwe kamene kamacidya. Mu 1980 anakaika pa nyanja ya Moondarra ku Australia, ndipo nyanjayo inayera. Kucokera pamenepo kacirombo kameneka kagwiritsidwa nchito m'maiko ambiri, a muno mu Africa omwe.

Mankhwala anapezeka dzina litakonzedwa. Asodzi athu a ku Lukanga, amene amatibweretsera nsomba muno m'tauni, ayenera kudziwa kuti cacilendo ciriconse coyandama pa madzi ao ciyenera kutoledwa ndi kulembedwa msanga cisanafalikire.

Zimene tiri nazo pafupi

Tsiku lija, pa cipupa ca kamlatho kakale, mnyamata uja anationetsa fern wa masamba onga makwerero, amene fumbi lake limakhala mu mzere m'mphepete mwa tsamba. Anati ndi Pteris vittata, dzina limene Carl Linnaeus anapereka mu 1753. Cilatini cocepa cimene tinaphunzira tiri anyamata cinatithandiza kumva kuti liu laciwirilo likamba za mizere. Comeraci cimakonda malo a laimu monga zipupa zakale ndi milu ya m'migodi.

Mu 2001 Lena Ma ndi anzake a pa University of Florida anafalitsa zimene anapeza, kuti fern ameneyu amayamwa poizoni wa aseniki m'nthaka ndi kumusunga m'masamba mwake. Koma tisanamizane. Bvuto lalikulu la Kabwe, limene mgodi unatisiyira utatsekedwa mu 1994, ndi mtovu, osati aseniki. Palibe amene anene kuti kubzala fern ameneyu pabwalo kudzateteza mwana wa ku Kasanda, Chowa kapena Makululu. Cimene tinganene ndi cakuti zomera zokhoza kupirira pa nthaka yoonongeka ndi zofunika kuzidziwa ndi kuzilemba, pakuti ofufuza njira zobwezera msipu pa milu ya m'migodi amayambira pa zomwezo.

Pamthunzi wa culu tinapeza kena kanthete, ka phesi lakuda lonyezimira ngati waya, ka m'banja la Adiantum. Kameneka kamaoneka m'dzinja mokha, cirimwe cikafika kamazimirira ngati sikanakhalepo.

Palinso ena a m'miyala, monga Actiniopteris amene amaoneka ngati kamgwalangwa kakang'ono. Iwo m'cirimwe amafota n'kudzipinda, munthu n'kumati afa, koma mvula ikagwa amatambasukanso n'kubiriwira.

Alimi a ng'ombe adziwe Pteridium aquilinum, fern wamtali amene amacuruka kumadera a mvula yambiri kumpoto kwa dziko lino. Tsinde lake limayenda pansi pa nthaka, conco moto wa lupsa sumupha, ndipo amaphuka msanga msipu wina usanamere. Ng'ombe zikamudya kwa nthawi yaitali zimadwala, zina zimakodza magazi. Kudziwa kumene ali ndi kuteteza cuma.

Katoledwe kake

Nchitoyi siifuna ndalama zambiri. Mufunika matabwa awiri, makatoni odula, manyuzipepala akale, malegeni omangira, kakhasu, kabuku ndi pensulo. Tanena pensulo cifukwa inki imasungunuka ikanyowa. Nthawi yabwino kuno kwathu ndi kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene masamba akhwima ndipo fumbi laoneka.

Coyamba, yang'anani ngati zomerazo ziri zambiri. Ngati pali ziwiri kapena zitatu cabe, musazule. Jambulani ndi foni, lembani malo, zisiyeni zibalane.

Caciwiri, tolani comera cathunthu. Tsamba lokha silikwanira. Pafunika tsamba lokhala ndi fumbi kunsi, lina lopanda fumbi, phesi lonse, ndi kacidutswa ka tsinde la pansi, cifukwa ubweya ndi mamba a pa tsindelo ndi zimene zimasiyanitsa mitundu yofanana. Gwedezani dothi koma musapale tsindelo.

Cacitatu, perekani nambala pomwepo. Comera coyamba ndi nambala 1, caciwiri 2, ndipo musabwereze nambala moyo wanu wonse. Lembani nambalayo pa nyuzipepala ndi m'kabuku.

Cacinai, yalani comeraco pakati pa nyuzipepala, masamba ena mutawatembenuza kuti kunsi kuoneke. Likatalika lipindeni ngati cilembo ca V kapena N. Ikani katoni pamwamba, pitirizani ndi cina, kenaka mangani matabwa zolimba ndi malegeni.

Cacisanu, sinthani mapepala tsiku ndi tsiku masiku oyamba, ndipo sungani mtolowo pamalo ofunda opita mphepo. Comera cauma cikakhala kuti sicizizira pocikhudza ndipo siciwerama pocinyamula.

Ngati nkotheka tolani ziwiri kapena zitatu za nambala imodzi, kuti cina cikhale m'nkhokwe ina. Moto kapena ciswe zikaononga kwina, umboni umatsala kwina. Kumata pa pepala lolimba asiyireni a ku herbarium, amenenso amayamba aziika m'firiji yozizira kwambiri masiku angapo kuti tizirombo tife.

Kacikalata ndiko mwini nkhani

Apa tiulule kulakwa kwathu. Mnyamata uja atapita, ife ndi acinyamata angapo tinatola zomera khumi ndi ziwiri. Zinai zinacita nkhungu cifukwa tinacita ulesi kusintha mapepala. Zotsalazo zinauma bwino, zokongola ndithu, ndipo tinanyada nazo.

Atabweranso anazitembenuza cimodzicimodzi nafunsa kuti, "Atate, ici munacitola kuti?" Mmodzi anati ku citsime, wina anati iai, ku njanji. Tinatsutsana pamaso pake. Tinali titadalira mitu yathu m'malo mwa kabuku. Anatenga ziwiri zokha zimene mtsikana wina wa Giredi 9 anali atalemba m'mphepete mwa nyuzipepala, zina zonse anati zingathandize pophunzitsa ana koma si umboni.

Conco kacikalata kalembedwe munthu ali ciriri pamalopo. Mulembe dzina lanu ndi la amene ali nanu, nambala, tsiku, mwezi ndi caka. Mulembe Central Province, Kabwe, Chililalila, ndi kulongosola malowo kotero kuti mlendo angawapeze patapita zaka 50. Kunena kuti "kuseri kwa nyumba ya amai ogulitsa vitumbuwa" sikuthandiza, pakuti anthu amasamuka. Chulani msewu, mlatho, njanji kapena mtsinje, ndi mtunda wake. Mafoni ambiri lero amaonetsa manambala a GPS, alembeni onse.

Mulembenso ngati pali mthunzi kapena dzuwa, dothi kapena mwala, madzi oyenda kapena oima, mitengo imene iri pafupi, kutalika kwa comera, ndi kucuruka kwake. Ngati simudziwa dzina la Cilatini, siyani mpata, akatswiri adzalemba. Dzina angathe kuliika pambuyo pake, koma malo ndi tsiku palibe angazibwezere.

Pomaliza, funsani akuluakulu dzina la comeraco m'Cilenje, m'Cibemba, m'Cilala kapena m'Cinyanja, ndi nchito yake ngati iripo, ndipo mulembe cilankhulo cake. Kabwe ndi mphambano ya mitundu, ndipo maina amenewa akutha msanga kuposa zomera zimene. Munthu amene wakuuzani, ngati alola, dzina lake lilembedwe. Tisabwereze za mu 1921.

Macenjezo awiri

Loyamba ndi la lamulo. M'nkhalango za boma simuloledwa kutola zomera popanda cilolezo ca a Dipatimenti ya za Nkhalango, malinga ndi lamulo la nkhalango la mu 2015, ndipo m'mapaki a nyama cilolezo cimacokera kwa oyang'anira mapakiwo. Pa munda kapena puloti ya munthu, pemphani mwini wake. Kutumiza zomera kunja kwa dziko si nchito ya munthu wamba. Musanayambe, lankhulani ndi a herbarium kuti akuuzeni zimene afuna.

Laciwiri ndi la umoyo. Ana asatumidwe kukatola zomera pa Black Mountain kapena m'ngalande yocokera ku mgodi wakale. Fumbi la kumeneko liri ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Malo amenewo asiyidwe kwa akatswiri okhala ndi zodzitetezera. Ngakhale kwina konse, sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo musalawe comera cimene simucidziwa.

Pempho lathu

Kwa aphunzitsi a sayansi m'masukulu a muno m'Kabwe tikuti, matabwa awiri ndi manyuzipepala akale sizingakulepheretseni. Kalasi imodzi itasankha culu cimodzi, citsime cimodzi kapena kadambo kamodzi, n'kulemba zimene zimamerapo caka ndi caka, patapita zaka khumi tidzakhala ndi umboni umene lero tiribe.

Kwa makhansala ndi ogawa malo tikuti, anthu afunika pogona, ndipo sititsutsa zimenezo. Koma dambo lisanagawidwe, lolani kuti wina ayambe walemba zimene zirimo, ndipo pamene pali kasupe pasiyidwe. Madzi amene fern amafuna ndi omwewo amene zitsime zathu zimafuna mu Okutobala.

Kwa a mayunivesite ndi a nkhokwe za zomera tikuti, musamabwere ngati alendo ongotola n'kupita. Tiuzeni maina a zimene mwapeza, kuti ana athu adziwe kuti za kwao nazonso ziri m'mabuku.

Kwa anzathu acikulire tikuti, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tawerama zaka zambiri polima, tiyeni tiweramenso potembenuza tsamba.

Ife tagula kabuku katsopano. Pa tsamba loyamba talemba nambala 1, tsiku, ndi malo: cipupa ca kamlatho kaja, mbali ya kumthunzi. Mdzukulu wathu akadzafunsidwa mafunso atatu aja, asadzasowe coyankha monga tinasowera ife.